Ndinamanga pa Nthaka ya Eni Ake

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba ndili pansi pa chigafa cha fodya, iwe utapita kuchigayo kwa Malomo uli chikwiyire, osandiyang'ana n'komwe potuluka. Ndaona kuti kulankhulana pakamwa kwatikanika. Ndikangoyamba, iwe misozi, ndipo ine ndikaona misozi mawu amandithawa, n'kuyamba kukalipa za mbuzi zimene sizinamangidwe. Dzulo unandiuza kuti, "Ababa, ine sindipita. Ntchito ndidzapeza ina. Ndikangochoka pano amalume akuchotsani." Nthawi imeneyo ndinalibe chokuyankha chanzeru. Tsopano ndili nacho, ndiye uwerenge mpaka kumapeto, osadumpha monga unkachitira ndi mavesi a Sande sukulu. Minibasi ndi ya mawa m'mawa, ndipo chipatala cha ku Zomba chikudikira namwino wake Lolemba.

Tiyambe ndi zimene ukuopazo, chifukwa n'zoona. Ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera kudzakwatira mayi ako, ndipo nthaka ino ndi ya mbumba yawo, si yanga. Mayi ako atatisiya tinalira, tinameta, ndipo mwezi wathawu anandisudzula monga mwa mwambo. Pasanapite nthawi amalume ako a Yobe anabwera, anakhala pakhonde n'kumapotokola chipewa m'manja. Anati, "Alamu, ife ndi inu sitinayambanepo. Mwanayu akakhala pano, inu ndi bambo ake, khalani naye. Koma akapita kutali, anthu sangamve kuti mwatsala nokha m'nyumba ya mlongo wathu. Mawa mudzafuna wokuphikirani, ndiye mkazi wachilendo adzalowe pano? Komanso ana a mng'ono wake akula, alibe polima." Usawade amalume ako. Akanakhala mlongo wanga, mwina inenso ndikanalankhula zomwezo.

Ndiye iwe waganiza zodzisandutsa chikhomo chondimangirirapo. Zinandikhudza, sindinama. Ndinapita kuseri kwa khola kukapukuta m'maso kuti usandione. Koma ndisanakuuze chimene ndatsimikiza, ndikufotokozere mmene munthu wolimbikira ntchito amafikira posowa pogona ali ndi imvi. Sindinali waulesi, ukudziwa. Sindinali chidakwa. Ndalama zinadutsa m'manja mwangamu, zambiri ndithu. Chimene sindinadziwe n'chakuti ndalama ya mnyamata, ya bambo wa ana ndi ya nkhalamba siikidwa malo amodzi, ndipo panalibe wondiuza mwina ine ndiye sindinkamva.

Ndili mnyamata kwathu kwa Nachisaka, chaka choyamba kugulitsa fodya wangawanga, ndinabwerako ku okushoni mapazi osagunda pansi. Ndinagula wailesi ya makaseti, jekete yachikopa imene ndinkavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndi nsapato zonditupitsa zala. Pa Mponela anthu osandidziwa ankanditchula kuti bwana, ine n'kumawagulira kanyenya. Pofika Januwale wailesi ija inali itasinthidwa ndi chimanga, jekete ndinkafunda ngati bulangete, ndipo ndinkapalira ganyu m'munda wa munthu amene analima fodya wochepa kuposa wanga. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, ndiye timapenga kamodzi. Yako izibwera mwezi ndi mwezi, ndiye ukhoza kumapenga mwezi ndi mwezi. Malipiro akangolowa, usanagule ngakhale sopo, patula kachigawo ukaike kumene chala chako cha pafoni sichingafike msanga. Kachepe, koma kasadumphe mwezi. Ukamadikira kuti usunge zotsala sudzasunga, chifukwa sizitsala.

Udzadabwanso mmene abale akuchulukire. Anthu amene sanakugulirepo kope adzakuimbira kuti, "Adokotala athu, mwatiiwala?" Usadzawakonze kuti ndiwe namwino, alekeni, koma usawauze zimene umalandira. Ine ndinali ndi pakamwa. Mabelo akagulidwa bwino ndinkalengeza pa bwalo la tchalitchi tisanalowe n'komwe, ndipo pofika madzulo pakhomo pano pankakhala ngati pali zoweta zogawa. Mayi ako ankangoti, "Bambo a Tadala, mwaitananso msonkhano?" Kuthandiza ndi kwabwino, ndife anthu a Mulungu, ndipo iwenso unathandizidwa. Koma dziikire malire mwezi usanayambe, kuti yothandizira abale ndi iyi. Ikatha, yatha. Unene mwaulemu kuti mwezi uno palibe, ndipo usapepese kawiri. Ngongole zodulidwa kumalipiro zija, zimene adzakutsatira nazo mpaka pakhomo la chipatala, usatenge pofuna foni, sofa kapena kusangalatsa munthu wa kuno.

Tsopano ndifike pa chachikulu. Nditakwatira mayi ako ndi kukhala pano zaka zingapo, agogo ako, bambo anga, anabwera pa njinga kuchokera kwa Nachisaka. Anayendera munda, anaona dimba, anagwedeza mutu. Pobwerera ndinawaperekeza, ndipo tili pamtunda paja anaima n'kunena kuti, "Iwe, wakhalitsa. Tipite kwa ankhoswe tikapemphe chitengwa, mkaziyu umutengere kwanu. Gawo lako la munda lilipo." Ine ndinaseka. Kwathu n'kwa miyala, iwe ukudziwa, khasu limalira moto. Kuno nthaka yakuda, dimba la madzi chaka chonse, apongozi anga a Nabanda ondikonda. Ndinati, "Ababa, tidzaona chaka chamawa, fodya akatuluka." Chaka chamawa chija sichinafike. Iwo anamwalira, gawo langa analima ana a mlongo wanga monga zimayenera kukhalira, ndipo ine sindinapite kukadzalako ngakhale nthochi imodzi yoti anthu azinena kuti iyi ndi ya uje.

M'malo mwake chilichonse chimene ndinapeza ndinachithira pano. Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndi manja angawa, n'kuwotcha ndekha. Malata ndinkagula pang'onopang'ono, chaka chino angapo, chaka chinacho angapo, n'kumawabisa kudenga kwa apongozi. Bulugama yense wa kumtundayo ndinadzala ine, ndikunena kuti ameneyu ndiye adzandidyetsa ndikadzakalamba. Chitsime, khola, chigafa chino. Anthu odutsa ankati, "Koma mkamwini wa kwa a Nabanda ndi wanzeru." Inenso ndinkadziona wanzeru. Sindinaganizepo kuti zinthu zonsezi n'zomera mizu, sizikwera ngolo. Komanso mumtima ndinkangoti woyamba kupita ndidzakhala ine, poti ndine wamkulu, ndipo mayi ako ndi amene adzatsale akudya za mitengoyo. Mapulani anga onse anatsamira pa chinthu chimene mwini wake ndi Mulungu.

Ndiye tamvera, Tadala. Zaka zoyambazi usathamangire kumanga, ungosunga. Koma ukadzafika pogula malo, ugule puloti yogula ndi ndalama, ya mapepala, ndipo pa mapepalapo pakhale dzina lako. Usadzamange pamalo akuti "mangani pompa, ndife amodzi". Anthu amakhala amodzi onse akadali moyo. Ndipo usadzaike zonse pa chinthu chimodzi monga ndinachitira ine. China chikhale chomera mizu, china chikhale choti ukhoza kuchinyamula tsiku limene zinthu zatembenuka. Ukadzapeza mwamuna, ndipo usafulumire, amuna sakutha, mudzakhale pansi musanagule njerwa ndi imodzi yomwe, mufunsane kuti, mmodzi wa ife akadzapita, wotsalayo adzagona kuti? Ndi funso lochititsa manyazi pa chibwenzi, ndikudziwa. Ine ndi mayi ako tinakhala zaka zonsezi osafunsana, poopa kuti tingaoneke ngati tikuitana imfa. Ndipo ngati mwana wa eni ake adzakutsatire kwanu, usadzamulole athire thukuta lake lonse pamalo pamene sadzaloledwa kukalambirapo. Udzakumbukire bambo ako.

Pali chaka china chimene ndinayesa kusunga ndalama yeniyeni. Fodya anayenda bwino, ndipo ndinati ino ndiye sindiikhudza, ndi ya feteleza. Ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuiika m'chitini, n'kukwirira pansi pa bedi. Ndinkagona pamwamba pake ngati nkhuku yofungatira. Mvula itayandikira ndinafukula, yonse ilipo, osasowa ndi imodzi yomwe. Ndinapita nayo kusitolo kwa Malomo, ndipo mnyamata wogulitsa anandiyang'ana mwachisoni. Anati, "Madala, mitengo imeneyo ndi yakale. Simunamve kuti kwacha yagwa?" Ndinabwerako ndi matumba ochepa, ngolo ikuchita kulira kupepuka. Palibe amene anandibera, koma ndinaberedwa. Ndalama yongogona imaonda, mwana wanga. Imene sukuifuna msanga uiike pamene ikubala, kaya ku bungwe losunga ndi kubwereketsa la anzako a pantchito, kaya kubanki ya chiwongoladzanja. Ufunse mafunso mpaka akutope nawe. Koma wina akadzakuuza kuti bweretsa ndalama, pakutha pa mwezi idzabereka inzake yofanana nayo, udzagwire chikwama chako n'kuchokapo.

Wodziwa zimenezi m'nyumba muno anali mayi ako, ngakhale sankatha kulemba bwino dzina lawo. Iwe uli wakhanda anapempha kachigawo ka munda kuti azilima mtedza. Ine ndinkawaseka kuti ulimi wa ana. Mtedza unagula nkhuku, nkhuku zinagula mbuzi. Banki m'khonde itabwera m'mudzi muno analowa, ndipo tsiku la msonkhano ngakhale kugwe mvula yotani ankapita, chitenje kumutu. Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Kodi timasheya tanuti tidzagula chiyani?" Anandiyankha kuti, "Tidzagula chimene fodya wanu sadzagula." Fizi yako ya ku sekondale, mpaka ya ku sukulu ya unamwino, mbali yaikulu inachokera kumeneko, makamaka zaka zimene fodya ankabwezedwa ku okushoni. Iwo anaika chuma chawo m'mutu mwako, mmene munthu sangachilande. Ukatsala pano n'kumaphikira ine, ndiye kuti mtedza wonse uja unalimidwa pachabe. Zimenezo sindingazilole, ndipo ukanakhala ndi mwayi wowafunsa akanakuthamangitsa ndi chipande.

Za matenda sindifuna kulemba zambiri, unalipo. Koma pali zina zimene sunaone poti unali kusukulu. Mayi ako atayamba kudwala kwambiri munali mu Febuluwale, nthawi imene m'nyumba ya mlimi mulibe kanthu. Galimoto yopita nawo ku Lilongwe inkafuna ndalama, mankhwala ena ankafuna ndalama, ine wowadikirira ndinkafuna kudya. Ndinali ndi nyumba ya malata, mitengo yambirimbiri, koma m'thumba munalibe ngakhale ya minibasi. Ndinatenga ng'ombe zathu zapangolo kupita nazo kwa Kasakula tsiku la msika. Mavenda amanunkhiza munthu wa mavuto ali patali. Wina anazungulira ng'ombe ija yakuda, n'kunena kuti, "Bambo, zaonda izi, tingokuthandizani." Zinali zisanaonde. Ndinawapatsa pa mtengo umene mpaka lero ndimachita manyazi kuutchula, ndipo pobwerera ndinkamva ngati zikulira kumbuyo kwanga. Zitatha zimenezo ndinapita kwa akatapila, ndipo fodya wa chaka chimenecho ndinasoka ndikudziwa kuti si wanga. Uzikhala ndi ndalama ya tsoka, Tadala, yapayokha, yosakhudza ngakhale pa Khirisimasi, yoti ukhoza kuitenga tsiku lomwelo. Iwe udzaona anthu ambiri pa mabenchi a chipatala atagwira kumutu. Ambiri mwa iwo si amphawi, koma chuma chawo chili m'khola ndi m'munda.

Ukadzabereka ana, uyambe kuwasungira fizi asanayambe kuyenda. Usadzanene kuti nthawi ilipo. Iwe ndinkakunyamula paphewa popita kudimba, ndinangotembenuka kamodzi ndikupeza ukufuna yunifolomu ya sekondale. Ndipo ukadzafika zaka zapakati, pamene malipiro akwera ndipo anzako akugula magalimoto, udzayambe kuganiza za nkhalamba imene ikubwera kudzakhala m'thupi lakolo. Nkhalamba imeneyo sidzatha kugwira ntchito ya usiku m'chipatala. Ilibe wina woisungira koma iwe wa lero.

Apa ndiye pali chinthu chimene chikundiwawa kulemba. Mnzanga wina amene tinkaimba naye kwaya, mphunzitsi wa pulayimale, ankadandaula mwezi uliwonse kuti amamudula ya penshoni. Ife a fodya tinkamuseka. Ndinamuuzapo kuti, "Aphunzitsi, ine penshoni yanga ndi iyo ikusewera panjayo," ndikuloza iwe, uli ndi kadiresi kofiira. Tinaseka tonse. Lero iye ali pakhonde pake, kandalama kake kakubwera, kochepa koma kake, ndipo ana ake akamuimbira foni amacheza za mvula. Ine mawu aja akundibwerera. Ndinakusenzetsa katundu uli wosadziwa kanthu, ndipo dzulo ndinaona kuti wausenzadi, ukufuna kutaya ntchito kuti ukhale penshoni ya bambo ako. Ayi. Mawu aja ndawabweza. Ya penshoni akamakudula usadandaule, ndipo ukadzasintha ntchito usadzaitenge kuti udye. Ndikufuna mwana wako adzakuimbire foni chifukwa wakusowa, osati chifukwa akuopa kuti wagona ndi njala.

Taganiza ukatsala. Chaka choyamba anthu adzakutama kuti mwana wachifundo. Chaka chachiwiri udzakhala ukusoka fodya pansi pa chigafa chino, manja akuda ndi phula, satifiketi ili m'sutikesi. Anzako amene unaphunzira nawo azidzadutsa pa Malomo atavala zoyera, iwe uli pamzere wa feteleza. Ine ndizidzakuona tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kuti wadya nkhalamba yako ya mawa kuti udyetse nkhalamba ya lero. Ndipo ine sindidzakhala mpaka kale. Ndikadzapita udzatsala ndi nyumba yodontha, zaka zitapita, ntchito ija anapatsa wina. Udzandikwiyira ndili m'manda, ndipo udzakhala ukulondola. Nyumba ino ndimaikonda, pakona iliyonse ndimaona mayi ako. Koma si yoti ingadye anthu awiri.

Sabata yatha, tsiku lija ndinakuuza kuti ndikupita kukaona mbewu ya soya, ndinapita kwa Nachisaka. Azakhali ako anandilandira bwino. Kenako anati, "Achimwene, mwabwera ndi chikwama kapena mwabwera kudzaona?" Ndinati ndabwera kudzaona kaye. Anati, "Onani msanga, mvula isanayambe tifolere." Pali kanyumba kamene ankagona mwana wawo asanapite ku Kasungu. N'kakang'ono, ka udzu, chitseko chake n'chofuna kuwerama. Andipatsanso kamunda kumtunda, ka miyala komwe kaja ndinakathawa ndili mnyamata. Msana ulipo, khasu ndili nalo. Sindikunena kuti ndikasangalala. Ndikakhala mlendo kwathu komwe, ana akumeneko sakundidziwa, ena ankafunsana kuti agogowa ndi a kuti. Koma sindikagona panja, ndipo sindikagona ndi njala.

Lero m'mawa, iwe uli kumadzi, ndinapita kwa amalume ako ndi ankhoswe. Ndawauza kuti ndikakolola chimanga chili m'mundachi ndizipita, kaya iwe utsale kaya upite. Tagwirizana kuti ndidule mitengo ina ndigulitse, njinga ndi zipangizo zanga nditenge, ndipo chipinda chako chikhala chako, mwana wa mayi ako aang'ono akadzalowa m'nyumbamu sadzachikhudza. A Yobe analira, munthu wamkulu uja. Mawu ndapereka pamaso pa anthu ndipo sindingawabweze. Ndiye ukatsala, utsalira nyumba yopanda bambo ako. Ukwiye, ndakuchita dala. Ndinaona kuti pokhapokha nditachotsa chimene ukutsalira, iwe sukwera minibasi, poti mutu wako ndi wa mayi ako.

Chaka choyamba chino usanditumizire ndalama. Ndikunenetsa. Ukatumiza ndidzabweza, ndipo yodula potumiza idzakhala yotayika kawiri. Ugule bedi, mbaula ndi nsapato zabwino zoimirira nazo tsiku lonse, kenako uyambe kusunga monga ndakuuzira. Ukadzaima bwino tidzakambirana, sindine wonyada mpaka kukana shuga. Uzindiimbira Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ndizikwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Upeze mpingo kumeneko. Uzidya, iwe ukatanganidwa umaiwala kudya.

Ndikumva ana akufuula kumsewu, mwina ndiwe ukubwera ndi ufa, ndiye ndilekere pano. Kalatayi ndikupatsa ukatha kudya, ndipo ine ndikakhala kudimba mpaka utamaliza kuwerenga. Mawa chikwama chako ndimanga pa njinga, tiyenda limodzi mpaka pa siteji. Usadzandigwire dzanja pamenepo, anthu a pa Malomo ndi amiseche. Ukalowa, ukhale pampando wa kutali ndi windo. Ine sindidikira kuti minibasi idzaze, ndikangoona kuti wakhala pansi ndizibwerera, chifukwa ndikaima pamenepo n'kukuona ukulira ndikhoza kukuuza kuti tsika.

Pita, mwana wanga.

Ndine bambo ako.